Marichi ndi mochedwa, ndipo sqrt(x**2) si x

Mwezi wa Marichi ukangofika, achinyamata a kuno ku Thyolo, ambiri ophunzira ku MUST ku Ndata, amandipeza ndi funso limodzimodzi: "Achimwene, ndilembe chiyani chachikulu kuti anditenge ku Google Summer of Code?" Iyi ndi ndondomeko ya Google yotenga oyamba kumene kuti akalembe code m'mapulojekiti a open source, mapulogalamu amene code yake ndi yotseguka kwa aliyense. Funso limeneli landitopetsa. A SymPy, pulogalamu ya masamu imene ili pakati pa mapulojekitiwo, safuna chachikulu. Amafuna kuti wopempha malo akhale atatumizapo kale kachigamba, kutanthauza kukonza pang'ono code yawo, pa GitHub, webusaiti imene amasungapo code, ndipo woyamba mu Marichi wachedwa kale.

Pali mnyamata wina wa cha ku Luchenza amene mpaka lero amandiwawitsa mtima. Masamu ankawadziwa kuposa anzake onse. Tsiku lina anaona kuti akalemba sqrt(x**2), ndiye kuti square root ya x kuchulukitsa ndi x, SymPy sikubweza x. Iye anati wapeza cholakwika. Anagona mochedwa sabata yathunthu, bandulo ikutha, mpaka anatumiza pull request yake, pempho loti kachigamba kake kalandiridwe. Anamubwezera tsiku lomwelo. Ikani -3 pamalo pa x: x**2 ikhala 9, ndipo sqrt(9) ndi 3, osati -3. Pulogalamuyo inali kukhoza. Mukaiuza kuti positive=True (x ndi yoposa 0), x wanuyo imakupatsani bwinobwino; mukati real=True (x ndi nambala wamba), imabweza Abs(x), x wopanda chizindikiro cha minus. Akanayendetsa ma test oyesera code asanatumize, kapena kungotsegula issue, uthenga wonena za vuto pa GitHub, n'kufunsa, akanadziwa m'mphindi zochepa. Koma anachita manyazi, n'kusiyiratu. Ndinamuimbira kangapo, sanabwererenso. Kubwezeredwa ntchito n'kwa tsiku ndi tsiku kumeneko, ngakhale akatswiri amabwezeredwa, koma ndinachedwa kumuuza.

Tsono chenjerani ndi anthu amene ayamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, akuti lipirani kuti akupatseni satifiketi ya open source. A SymPy safuna satifiketi yotero. SymPy ndi yaulere, SageMath, pulogalamu inanso ya masamu imene William Stein anayambitsa mu 2005, ndi yaulerenso, ndipo umboni wa ntchito yanu ndi dzina lanu pa GitHub basi. Ena akukuphunzitsani kukopera code ya ChatGPT n'kutumiza osaiwerenga. Owunika ambiri ndi ongodzipereka, amagwira usiku ataweruka kuntchito zawo. Akakufunsani chifukwa cha mzere umodzi inu n'kusowa chonena, ulendo wina sadzakuwerengerani mwachangu.

Yambani mwezi uno. Sakani ma issue olembedwa Easy to Fix, kapena chitsanzo chosamveka bwino m'malangizo a pulogalamuyo. Za netiweki musadandaule: git, pulogalamu yosunga zimene mwasintha mu code, imagwira popanda intaneti, mumachita commit (kusunga) muli kunyumba, push (kutumiza) mukafika pa Boma kapena pa Bvumbwe.