Nsawawa zimafuna nyengo yozizira komanso kuthyola pa nthawi yake

Anthu ambiri amene amandifunsa chifukwa chake nsawawa zawo sizinabereke amayamba ndi kudandaula za nthaka, ena amati mwina mbewu inali yoipa. Ndikawafunsa kuti anadzala liti, vuto limaonekera pomwepo. Anachedwa, ndipo maluwa anakumana ndi kutentha.

Nsawawa zosenda, zija timadya njere zokha n'kutaya makoko, zimakula bwino pamene kunja kukuzizira, pa madigiri 13 mpaka 18. Kutentha kukamapitirira madigiri 27 kwa masiku angapo, maluwa amayoyoka, makoko omwe agwira amatuluka aafupi, ndipo chomera chimayamba kuuma kuchokera pansi. Kuthirira sikungabweze zimenezi. Mitundu yambiri imatenga masiku 60 mpaka 70 kuti muyambe kuthyola, choncho werengani chobwerera m'mbuyo: dzalani nthawi yoti miyezi iwiri yonseyo ithere m'nyengo yozizira. Zomera zazing'ono zimapirira chisanu chochepa, koma maluwa ndi timakoko tanthete sizipirira.

Kadzalidwe kake n'kosavuta. Dzalani pamalo pomwe zikulirepo, chifukwa mizu yake siikonda kuwokeredwa. Njere ilowe masentimita 3 mpaka 5 m'nthaka, ndipo zitalikirane masentimita 5. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Nthaka ikhale yosasunga madzi, apo ayi njere zimaola zisanamere. Samalaninso mbewa ndi mbalame, zimafukula.

Pa nkhani ya feteleza ndimapempha anthu kuti asachulutse. Mukazula chomera chathanzi mudzaona tinthu tangati njerewere pamizu. M'menemo mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium, amene amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumupereka kwa chomeracho. Mukathira feteleza wa nayitrojeni wambiri mudzapeza masamba okongola, obiriwira, koma makoko ochepa. Kompositi wowolerana bwino ndi wokwanira.

Zikani mitengo yoyangira tsiku lodzala lomwelo, musadikire kuti zikule. Mitundu yaifupi imalekera pa masentimita 60, ina imakwera mpaka mamita awiri, koma ngakhale yaifupiyo imachita bwino ikapeza pogwira. Timanja take topota timagwira nthambi zowonda, chingwe kapena waya. Mtengo wonenepa zimalephera kuukumbatira. Zikagona pansi makoko amaola, ndipo nthenda ija yooneka ngati ufa woyera pamasamba imafala msanga chifukwa mphepo siidutsa. Madzi ofunika kwambiri ndi a nthawi ya maluwa komanso pamene njere zikufufuma. Thirirani patsinde.

Kuthyola ndiye pamene pamandikhudza mtima, chifukwa munthu amatha kulima bwino miyezi iwiri n'kuwononga zonse m'masiku atatu. Makoko amakhala okonzeka pafupifupi masabata atatu chitulukireni duwa. Khoko labwino limakhala lobiriwira mowala, lodzaza, njere zikumveka mukalipanikiza ndi zala koma zisanathinane. Likayamba kutuwa ndi kuchita makwinya, mwachedwa. Musadalire maso okha: sendani limodzi mulawe. Njere ikhale yotsekemera ndi yamadzi. Ikamveka ngati ufa m'kamwa, ndiye kuti shuga wasanduka kale sitachi.

Yambirani pansi, popeza makoko a m'munsi ndi amene amayamba kukhwima. Gwirani tsinde ndi dzanja limodzi, linalo lizithyola, chifukwa mizu yake siipita patali ndipo mutha kuzula chomera chonse. Bwereraninso tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku limodzi. Khoko limodzi likasiyidwa mpaka kukhwimitsa, chomera chimachepetsa maluwa n'kuika mphamvu pokhwimitsa mbewuyo.

Shuga uja amapitiriza kusanduka ngakhale mutathyola, makamaka pamalo otentha. Ndi chifukwa chake ndimathyola m'mawa kusanafunde, n'kuphika tsiku lomwelo. Zikachuluka, zisungeni m'firiji zili m'makoko ake kwa masiku ochepa, kapena zisendeni, muziviike m'madzi owira mphindi ziwiri, muziziziritse msanga m'madzi ozizira, kenako muziike m'firiza.

Zikatha kubereka dulani tsinde n'kusiya mizu kuti iwolere m'nthaka. Pamalopo musadzalepo nsawawa kwa zaka zitatu kapena zinayi, chifukwa matenda owoletsa mizu amatsalira m'dothi.