Kolesterolo ikatsika mwa wodwala khansa ya m'matumbo, tisangalale kapena ayi?

Achibale a anthu odwala khansa ya m'matumbo aakulu amakonda kufunsa funso ili atagwira pepala la ku labu m'manja: "Adokotala, apa akuti kolesterolo yawo yatsika kwambiri, nde kuti zikuyenda bwino eti?" Funsolo ndi lomveka, paja ife tomwe a zachipatala ndi amene takhala tikulalikira zaka zonsezi kuti kolesterolo ikachuluka imatseka mitsempha ya mtima n'kubweretsa sitiroko. Koma pa khansa nkhani yake imapotoka, ndipo nthawi zambiri kutsika kumeneko si uthenga wabwino ayi.

Tikati mafuta a m'magazi timanena manambala anayi omwe amakhala papepalapo: kolesterolo yonse pamodzi, LDL yomwe anthu amati yoipa ija, HDL yomwe amati yabwino, ndi mafuta a mtundu wina otchedwa ma triglyceride. Kwa munthu wamkulu wopanda vuto timafuna kolesterolo yonse ikhale pansi pa 5.2 mmol/L, ma triglyceride pansi pa 1.7, HDL isakhale pansi pa 1.0 kwa abambo, ndipo kwa amayi ikhale yokwererapo pang'ono. Chomwe ambiri sadziwa n'choti gawo lalikulu la kolesterolo silichokera m'mbale, thupi limadzipangira lokha makamaka m'chiwindi, ndipo selo iliyonse imaifuna pomanga chikopa chake chakunja. Ndiye chotupa chomwe maselo ake akugawikana usiku ndi usana chimafuna zomangira zambiri, chimakoka LDL m'magazi kudzera pa tizitseko tomwe timatchedwa ma LDL receptor, tomwe Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas anatitulukira mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 1985.

Nkhaniyi inayamba ndi mantha. Mu 1974 Geoffrey Rose wa ku London ndi anzake anaona kuti amuna omwe anamwalira ndi khansa ya m'matumbo anali ndi kolesterolo yotsika poyerekeza ndi anzawo, ndipo anthu anayamba kufunsa ngati kutsitsa kolesterolo kumene kukuyambitsa khansa. Pang'ono ndi pang'ono zinadzaoneka kuti zinthu zikuyenda chobwerera, khansa yomwe ili kale m'thupi koma sinadziwike ndi imene ikutsitsa kolesterolo. Mu 1990 Sidney Winawer ndi gulu lake ku New York anasonyeza kuti kolesterolo imayamba kutsika zaka zingapo khansa isanapezeke, ndipo kafukufuku wina wa mu 2016 yemwe anaunika mafailo a odwala a ku Britain anapezanso zomwezo. Ndiye munthu amene sakumwa mankhwala a kolesterolo, sanasinthe kadyedwe, koma nambala ikungotsika chaka ndi chaka, komanso lamba akumangira pa bowo latsopano, magazi akuchepa, chimbudzi chasintha kapena chikutuluka ndi magazi, ameneyo ine sindimuyamikira, ndimamutumiza akaunikidwe m'matumbo ndi kamera.

Nanga kwa amene khansa yapezeka kale? Apa ndi pomwe pali ma kafukufuku ambirimbiri, ochuluka a ku China, Japan ndi South Korea, omwe amatenga magazi omwe anayezedwa opaleshoni isanachitike n'kuona kuti odwalawo zinawathera bwanji patapita zaka. Chomwe chimabwerezabwereza n'choti amene anali ndi HDL yotsika kapena kolesterolo yonse yotsika kwambiri, ambiri mwa iwo amavutika pambuyo pa opaleshoni, mabala kuchedwa kupola, matenda kubwereranso msanga, moyo kufupika. Pa LDL ndi ma triglyceride zotsatira zimasemphana, ena apeza chakuti ena chakuti.

Koma tiyeni tifunse kuti chifukwa chiyani, poti apa m'pamene anthu amasochera. Munthu yemwe chotupa chakula sadya bwino, olo adye thupi limangonyentchera chifukwa khansa imasokoneza m'mene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, nde kolesterolo imatsika limodzi ndi minofu. Chachiwiri, khansa imayambitsa kutupa kwa m'kati komwe kumafalikira thupi lonse, kuja timayeza poona puloteni ya m'magazi yotchedwa CRP, ndipo kutupa kotere kumagwetsa HDL olo pa matenda ena omwe si khansa. Chachitatu ndi chiwindi, paja magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kwina, n'chifukwa chake khansa imeneyi ikamafalikira imakonda kufikira kumeneko, ndipo chiwindi chikadwala fakitale ya kolesterolo yasokonekera basi. Ndiye mukaona bwinobwino nambala ija ikungotiuza kuti thupi lafooka motani, siyo yomwe ikupha munthu. N'chifukwa chake ine sindiikhulupirira ikakhala payokha. Madokotala a ku Spain mu 2005 anakonza kawerengedwe kotchedwa CONUT komwe amaphatikiza kolesterolo, puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin ndi kuchuluka kwa maselo oyera otchedwa ma lymphocyte pofuna kudziwa ngati wodwala akusowa zakudya m'thupi, ndipo pamenepo kolesterolo imathandizadi, chifukwa munthu tikamupeza wofooka timatha kumumanga thupi kaye asanalowe ku fiyeta.

Ena amati nanga bwanji osangopereka ma statin, mankhwala otsitsa kolesterolo aja, kuti chotupa chisowe chomangira? Ganizo lake ndi lokoma ndithu, moti kafukufuku wa ku Israel wa mu 2005 anapeza kuti omwe amamwa ma statin kwa zaka zosachepera 5 mwayi wawo wodwala khansa imeneyi unali wotsika ndi 47 peresenti, anthu anasangalala heve. Koma ku South Korea atayesa moyenera, kugawa odwala khansa yofalikira m'magulu awiri mwa maere, ena kuwapatsa simvastatin pamwamba pa kemo ena kemo yokha, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2015 sizinaonetse phindu lililonse. Choncho musayambe ma statin kuti muchize khansa, komanso ngati mumamwa kale chifukwa cha mtima musasiye mwa inu nokha poopa kuti kolesterolo yatsika, kambiranani ndi dokotala wanu.

Chomwe chimanena zoona za tsogolo la wodwala mpaka lero ndi siteji, kutanthauza kuti chotupa chalowa mozama bwanji m'khoma la thumbo, chafika mu anabele kapena ayi, chafalikira kutali kapena ayi. Pa opaleshoni timafuna anabele osachepera 12 aunikidwe kuti siteji tisaiphonye. Ku America, mwa anthu 100 omwe khansa yapezeka isanatuluke m'thumbo, pafupifupi 90 amakhala ali moyo patatha zaka 5, pomwe ikafalikira kutali amatsala cha m'ma 15. Kusiyana kotereku palibe nambala ya kolesterolo yomwe ingafikepo. Pambuyo pa siteji timayang'ana m'magazi CEA, puloteni yomwe nthawi zambiri imakwera pa khansa imeneyi, ndi m'mene majini a chotupacho alili pa zoyeza zotchedwa MSI, KRAS ndi BRAF, zomwe zimatiuzanso mankhwala oyenera.

Pali kanthu kena komwe odwala omwe ali pa mapiritsi a kemo otchedwa capecitabine ayenera kudziwa. Mwa apo ndi apo mankhwalawa amakweza ma triglyceride modabwitsa, mpaka a ku labu akazunguza magazi mu kachubu kaja madzi a pamwamba m'malo mooneka achikasu amatuluka oyera ngati mkaka. Kumeneko si kuti khansa yakula, ndi mankhwalawo, koma sizofunika kuzinyalanyaza chifukwa ma triglyceride akadutsa 10 mmol/L kapamba (pancreas) amatha kutupa, ndipo ululu wake wa m'mimba si wamasewera. Ndiye amene ali ndi shuga kapena onenepa kwambiri ndi bwino ayezedwe mafutawa asanayambe mapiritsiwo komanso ali m'kati momwa.

Ndipo kwa amene khansa inapezeka msanga, anachitidwa opaleshoni, zaka zadutsa ali bwinobwino, LDL yokwera ija imabwerera pa tanthauzo lake lakale lija. Ambiri mwa anthu amenewa chomwe chimadzawavuta kutsogolo ndi mtima osati khansa, nde BP, shuga ndi kolesterolo ziziyezedwa n'kuthandizidwa ngati wina aliyense wa msinkhu wawo.