Opaleshoni ya mtima siifuna kugona tsiku lonse

Ambiri timaganiza kuti mayi amene wachitidwa opaleshoni ya bypass, yolambalala mitsempha yotsekeka ya mtima, azingogona mpaka chilonda chitapola. Ayi ndithu. Patangopita tsiku limodzi kapena awiri, anamwino amamudzutsa kuti akhale pampando, kenako ayende pang'ono m'khonde la wodi. Kugona nthawi yaitali kumaundanitsa magazi m'miyendo, ndipo makhololo akadzaza m'mapapo, chibayo chimayamba.

Kunyumba vuto n'lina. Mayi akangopezako bwino amathamangira kuchapa, kusenza ndowa, kubereka mdzukulu, pomwe fupa la pachifuwa limene anadula limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Aziyenda tsiku lililonse, akuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Masana azipumula, chifukwa masabata oyambawa tulo ta usiku timavuta. Zolemera zonse amunyamulire ena.