Pampu ya dizilo ikavuta: zimene mungachite nokha ndi zoyenera kulipirira ku galaja

Eni maminibasi, malole, mathirakitala ndi zigayo kuno ku Mangochi amafunsa kawirikawiri ngati angathe kusintha okha pampu ya dizilo, imene amakaniko timaitcha injekita pampu, m'malo molipira galaja. Funsoli n'lomveka, pakuti pampu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa injini, ndipo malo ambiri okhala ndi makina oyezera mapampu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kotero kuti munthu wa ku Monkey Bay kapena ku Makanjira amawerengera ndalama zokonzetsera, zoyendera, komanso masiku amene galimoto likhale losagwira ntchito. Maganizo anga ndi akuti kumasula ndi kumanga pampu pa injini zina ndi ntchito imene munthu wosamala angaigwire, koma kutsegula m'kati mwake n'koyenera kusiyira amene ali ndi makina ake.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako mafuta amafayiridwa m'silinda n'kuyaka okha. Pampu ndiyo imayeza kuchuluka kwa mafutawo, kuwakankha mwamphamvu, ndi kuwafikitsa ku manozo, tizipangizo tofayira mafutawo m'silinda, pa nthawi yake yeniyeni. Pa injini zakale manozo amatseguka mphamvuyo ikafika pakati pa mabar 100 ndi 250, pamene pa injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta, zotchedwa common rail, monga D-4D ya Toyota, imafika mabar 1,600 ngakhalenso kuposerapo. Tayala la galimoto laling'ono limapopedwa mabar awiri okha. Kuti mphamvu yotere isathawe, mpata wa pakati pa pulanja, kapisitoni kokankha mafuta m'pampu, ndi chitsulo chimene imayendamo ndi mamaikironi awiri kapena atatu (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi), chikhalirecho tsitsi la munthu n'lonenepa mamaikironi pafupifupi 70. Kamchenga kamodzi ka kunyanja n'kokwanira kukanda zitsulo zimenezi.

Musanagwire sipanala, tsimikizani kaye kuti wolakwa ndi pampu, chifukwa mapampu ambiri amamasulidwa alibe mlandu. Injini yovuta kuliza, yofooka kapena yotulutsa utsi imakhala nthawi zambiri ndi sefa ya mafuta yotsekeka, madzi pansi pa sefa, paipi yong'aluka imene ikulowetsa mpweya, mahita (otenthetsa m'silinda poliza injini) akufa, batire lofooka, manozo otha, kapena sefa ya mpweya yodzaza fumbi. Pa mapampu ozungulira, amene ali ndi chogawira chimodzi chotumiza mafuta ku masilinda onse, pali solenoidi imene imatsegula njira ya mafuta mukatembenuza kiyi, ndipo waya wake ukaduka injini imangozungulira osalira ngakhale pampu ili yabwinobwino. Njira yosafuna ndalama ndiyo kuika kapaipi koonekera m'kati pakati pa sefa ndi pampu kuti muone ngati muli thovu, kapena kulizira injini pa chigubu cha dizilo woyera wosadutsa m'thanki. Ikalira bwino pa chigubucho, vuto lili ku thanki, mapaipi kapena sefa, osati pa pampu.

Zizindikiro zoloza pampu yeniyeniyo zilipo. Injini imalira msanga m'mawa koma n'kukana ikatentha, makamaka m'nyengo ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa dizilo wotentha amapyapyala n'kumathawira m'mipata ya zitsulo zotha. Ena amathira madzi ozizira pa pampu kuti galimoto lilire, ndipo limaliradi, koma kuziziritsa mwadzidzidzi chitsulo chotentha kungathe kumangitsa pulanja. Pa injini zina oyilo amachuluka yekha n'kumanunkha dizilo, kusonyeza kuti silu ya kutsogolo kwa pampu yatha.

Pa injini za silinda imodzi, zimene zimayendetsa zigayo, mapampu othirira ndi maboti ena, kusintha pampu sikovuta. Ndi kachipangizo kakang'ono komangidwa ndi mabawuti ochepa, ndipo nthawi yofayira mafuta imakonzedwa ndi timalata topyapyala, mashimu, tokhala pansi pake. Musataye kalikonse mwa timalatato, ndipo mukamanga pampu yatsopano muonenso ngati nthawi yake ikugwirizana ndi chizindikiro cha pa fulayiwilo. Chofunika koposa n'chakuti kamsomali koyendetsa mafuta kalowe m'mphanda ya gavana, chipangizo chowongolera liwiro la injini. Kakaphonya, injini ingathe kuthamanga mopanda malire mpaka kusweka, choncho poliza koyamba khalani ndi kathabwa kotsekera polowera mpweya, osatseka ndi dzanja.

Pa Toyota Hiace ya injini ya 3L kapena 5L nkhani yake ndi ina, pakuti pampu imazunguzidwa ndi taimingi beluti yomwe ija imene imayendetsa mavalavu. Injini zimenezi n'zakuti beluti ikasokonekera kwambiri pisitoni imamenya mavalavu, ndipo amene amafuna kupulumutsa ndalama ya makaniko amapezeka akugula mavalavu ndi kukonzetsa hedi. Zizindikiro zonse za taimingi ziyenera kulunjika musanamasule kanthu, ndipo pule ya pampu imachotsedwa ndi chokokera chake, osati ndi hamala, chifukwa kumenya shafuti kumawononga za m'kati. Mukamaliza kumanga, zunguzani injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu musanakhudze sitata, kuti mumve ngati pali pamene ikugunda.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mzere umene mwalemba pa pampu ndi pa injini musanamasule umathandiza pokhapokha mukubwezera pampu yomweyo. Pampu ina, kaya yatsopano kaya yogwirapo kale ntchito, imafuna kuitchera ndi geji ya wotchi imene imayeza kuyenda kwa pulanja m'zigawo zazing'ono za milimita. Mafuta akamafika mochedwa injini imavuta kuliza n'kumatulutsa utsi woyera, ndipo akamafika mofulumira imagogoda n'kumazunza mapisitoni. Kutchera ndi khutu kumalizitsa galimoto ndithu, koma mtengo wake mumaulipira pang'onopang'ono pa filing'i siteshoni. Ngati geji imeneyi mulibe, masulani nokha ngati mungathe, koma pomanga itanani makaniko amene ali nayo. Ntchitoyi igwiridwe pa simenti yosesa, mapaipi onse atatsekedwa kukamwa, ndipo pomaliza mpweya uchotsedwe popopa kapampu ka pa sefa ndi kumasula pang'ono manati a pa manozo mpaka dizilo atafika.

M'kati mwa pampu musalowemo. Ikakonzedwa imayenera kukwera pa makina otchedwa test bench, amene amaizunguza pa liwiro losiyanasiyana n'kuyeza ngati silinda iliyonse ikulandira mafuta ofanana, zimene diso silingaone. N'chimodzimodzinso ndi sikuluwu ya mafuta imene madalaivala ena amaipotokola kuti minibasi ikoke pa chitunda chopita ku Namwera. Mphamvu imawonjezekadi pang'ono, koma pamodzi ndi utsi wakuda ndi kutentha kumene kumang'amba hedi. Pogula pampu yogwirapo kale ntchito, yerekezani nambala yolembedwa pa kachitsulo kake ndi ya pampu yanu, chifukwa mapampu ofanana maonekedwe amatcheredwa mosiyana malinga ndi injini.

Injini za common rail sindilangiza aliyense kuziyesa pakhomo. Pampu yake ikadyeka imamwaza tizitsulo mpaka m'manozo ndi m'thanki, moti kusintha pampu yokha osatsuka njira yonse n'kutaya ndalama, ndipo pa magalimoto ambiri pamafunika kompyuta kuti injini izindikire zipangizo zatsopano. Musamasule paipi iliyonse injini ikulira, kapena kufufuza podontha ndi chala. Dizilo wa mphamvu yotere amaboola khungu, ndipo ngakhale bala lioneke ngati la singano, munthuyo athamangire kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa chala chingathe kudulidwa.

Kaya mwamanga nokha kaya mwalipira, funsani chimene chinapha pampu yakaleyo. Mafuta akasowa ambiri timagula a m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Pampu yozungulira imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziterere, choncho palafini amaidya mofulumira, ndipo madzi amaichititsa dzimbiri. Thanki itsukidwe ndipo sefa isinthidwe pampu yokonzedwayo isanamangidwe. Potumiza pampu ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 190, tumizani pamodzi ndi manozo ake kuti ziyezedwe limodzi. Gwirizanani mtengo asanayambe ntchito, pemphani kuti akubwezereni zipangizo zimene achotsa, ndipo chitsimikizo cha ntchito yawo chilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya pampu yanu.