Kumenya galu woopa mabingu sikumulimbitsa mtima ayi

Kuno ku Mangochi ambiri timakhulupirirabe zoti galu akamanjenjemera ndi mabingu kapena makombola a pa Nyuwere ndiye kuti ndi wopepera, mkwapuleni kapena mmangirireni panja azolowere. Ayi ndithu abale, apo mukungoonjezera vuto.

Makutu a galu si ngati athu, iye amamva mawu ambiri omwe ife sitimva, ndiye mvula ya Disembala ikamagunda cha kunyanja uko mumuona ali wefuwefu, mchira pakati pa miyendo, kukanda chitseko osalekeza. Si matama amenewo, ndi mantha enieni. Mukamumenya nthawi imeneyo m'mutu mwake bingu ndi ndodo zimasanduka chinthu chimodzi, ulendo wina adzadula chingwe nkuthawira kumsewu wa ku Monkey Bay komwe magalimoto sayima, ena mpaka amaluma mwini wake.

Musiyeni abisale pomwe wasankha yekha, olo kuseri kwa matumba a chimanga, muyalireni chiguduli, tsekani mawindo, wailesi izilira chapansipansi. Zoti kumusisita kumakulitsa mantha nzabodza. Akafika podzivulaza kaonaneni ndi a vetenale, mankhwala ake alipo, koma osamupatsa Panado wanu, angamuononge chiwindi.