Bala la pansi pa khosi: musadikire kuti kuche

Kuseri kwa fupa lopingasa lomwe limachoka pakhosi kukafika paphewa kumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi kumkono. Madokotala amautcha subclavian artery. Nthawi zambiri umadulidwa ndi mpeni kapena chipolopolo, koma umang'ambikanso fupalo kapena nthiti yoyamba ikathyoka pa ngozi ya minibasi kapena njinga yamoto.

Kuopsa kwake n'kwakuti kunja kabala kamatha kuoneka kakang'ono pomwe magazi akuthira m'chifuwa. Onani ngati pamwamba pa fupalo pakutupa mofulumira, mkono wazizira kapena wachita dzanzi, kapena munthuyo akubanika. Kugunda kwa mtsempha wapadzanja kusakupusitseni: timitsempha tina ta paphewa timalambalala pomwe paduka.

Pindani chitenje, mutsindire pabalapo mwamphamvu osaleka. Mpeni ukatsalira, musauzule. Kumanga mkono ndi lamba sikuthandiza chifukwa bala lili kumtunda. Musamupatse chakudya kapena madzi. Thamangirani kuchipatala chapafupi, kaya ku Kanyama, Matero kapena Chawama ngati muli mu Lusaka, akamutumize ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) kapena cha Levy Mwanawasa. Mkono ukakhala maola opitirira 6 wopanda magazi okwanira, mnofu umayamba kufa.

Wodwala amene akutaya magazi kwambiri amapita naye ku opaleshoni nthawi yomweyo. Mtsemphawu ndi wobisika, choncho dokotala amacheka pamwamba kapena pansi pa fupa lija, mwina kulidula kumene, penanso kutsegula chifuwa. Ngati wangong'ambika, amausoka. Ngati chigawo chawonongeka, amalumikiza ndi mtsempha wotengedwa kumwendo kapena kachubu kochita kupanga. Moyo ukakhala pachiswe, amangoumanga mtsemphawo kuti magazi aleke, ndipo kawirikawiri mkono umapulumukabe.

Wodwala akakhala kuti walimbako, amamujambula kaye ndi makina a CT. Pamene zida ndi akatswiri zilipo, amatha kulowetsa kachubu kotchedwa stent kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche kapena wapamkono, n'kutseka pong'ambikapo cham'kati, osatsegula chifuwa. Bala limakhala laling'ono, koma si aliyense angayenere njirayi, ndipo pamafunika kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga asipirini, ndi kumapita kukapimidwa.

Abale dziwani izi: pafupi pomwepo pamadutsanso minyewa yoyendetsa dzanja. Ikavulala, magazi atha kuyenda bwino koma zala n'kumakanabe kugwira kapu kwa miyezi, ndiye mafizo, zolimbitsa dzanja zomwe achipatala amachititsa wodwala, asamadumphidwe.