Musandifunse mtengo wa mbereko, ndionetseni nkhope ya mwanayo

Pafupifupi sabata iliyonse kusikelo pamabwera mayi wachitsikana, foni ili m'manja, kundionetsa chithunzi cha pa Facebook. "Anesi, chikwama choberekera mwana ichi ndigule? Nanga cha kaunjika chija cha pa Kamuzu Road?" Ndatopa nalo funso limeneli. Zaka zonse zimene ndagwira unamwino ndi uzamba kuno ku Salima, sindinalandirepo mwana amene wavulala chifukwa choti mayi ake analibe chikwama cha malamba. Chitenje chanu chathonje, chochapa bwino, chosang'ambika, n'chokwanira. Ndalamazo gulirani sopo ndi chitenje china chosinthira mwana akakodzera.

Kaberekedwe ka agogo athu kali ndi nzeru yake. Mwana amakhala atatangadza miyendo m'chiuno mwa mayi, mawondo ali pamwamba kuposa matako, ngati chule. Umo ndi mmene mafupa a m'chiuno mwa khanda amakhalira bwino, ndipo madokotala a mafupa amadziwa kuti vuto la kuguluka kwa chiuno silioneka kawirikawiri kumene ana amaberekedwa chonchi. Zikwama zambiri zotchipa zimangomukoleka mwana pakati pa miyendo, miyendoyo ili lendelende. Zakaunjika zina malamba anatha kale, zomangira zapulasitiki zili ndi ming'alu, nsalu yake ndi nayiloni. Nayiloni mu Okutobala, dzuwa la ku Senga Bay! Mwana amasanduka thukuta lokhalokha, m'khosi ndi m'khwapa mwadzaza tizilonda.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si chikwama. Ndi khosi.

Khanda limene silinafike miyezi inayi silitha kudzutsa mutu bwinobwino lokha. Likatsetserekera pansi m'chitenje, msana umapindika, chibwano chimagwera pachifuwa, njira ya mpweya imafinyika. Mphuno ikakanikizika pamsana panu, nalonso ndi vuto lomwelo. Ndipo mwana wobanika salira. Mvetsetsani pamenepa, amayi: salira, sagunda, amangokhala zii ngati wagona.

Pali mayi wina amene sindimuiwala. Anali ndi mwana woyamba, wa masabata atatu. Mwanayo anayamba kutentha thupi ndi kukana bere Lachitatu. Kunyumba anati liwombo lagwa, anapita naye kwa munthu wina wa m'mudzi amene anamumata zakudazakuda pamutu ndi kumumwetsa madzi a mizu. Kwa ife anafika Lachisanu masana, pa kabaza, ulendo wa ola lathunthu. Anamubereka kumbuyo, pamwamba pa chitenje anaikapo sholo, pamwamba pa sholo kabulangete kophimba mutu wonse, poopa fumbi ndi mphepo. Atalowa anandiuza mwaulemu, "Wagona, anesi, sanavute njira yonse." Anakhala pabenchi kuti adikire mzere. Ndinamuuza kuti amasule. Mfundo ya chitenje anaimasula ndi dzanja limodzi, mwachizolowezi, n'kumutembenuzira mwana kutsogolo. Kachibwano kanali katamatirira pachifuwa, chipewa chaubweya chitatsikira mpaka pamphuno, milomo itada. Tinamupopera mpweya, tinayesa zonse. Sanabwerere.

Sindingalumbire kuti chinamutenga ndi kubanika kapena matenda amene anachedwa nawo masiku awiri aja. Mwina zonse. Chimene chimandipweteka n'chakuti mayi ameneyu sanali wosasamala. Chilichonse chimene anachita, anachita pofuna kuteteza mwana wake, monga anamuuzira akuluakulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti aziona nkhope.

Ndiye ndikuuzani ine. Khanda laling'ono libelekeni kutsogolo, choimirira pachifuwa panu, m'mwamba moti mukaweramitsa mutu milomo yanu ikhudze pamutu pake. Nkhope ikhale poyera, mutu utapendekera kumbali, pakati pa chibwano ndi chifuwa chake pazilowa chala chanu. Chitenje chimange zolimba kuti asatsetsereke, chigwire kumbuyo kwa khosi, koma chisakwere kumaso. Ndikudziwa kuti kumunda wa mpunga ku Lifuwu kapena popita kumjigo simungagwire ntchito mwana ali kutsogolo, mudzamuika kumbuyo basi. Chabwino, koma mukwezeni m'mwamba, musamuphimbe kumutu, ndipo pafupipafupi muzimutembenuzira m'khwapa n'kumuyang'ana, kapena mnzanu akuonereni. Pa kabaza, makamaka wanjinga yamoto, ndi pamene amayi amaphimba kwambiri. Fumbi silinaphepo mwana pa ola limodzi. Powamba usipa kapena pophika pa mbaula, mpatseni wina amunyamule. Utsi umalowa m'mapapo aang'onowo, ndipo phala likakhuthuka limapeza kamwendo kolendewera.

Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5 ali ndi kaberekedwe kakekake, kangaru: khungu lake likhudzane ndi lanu pachifuwa, atangovala thewera ndi chipewa, usana ndi usiku, bambo ndi agogo akulandizana nanu. Njira imeneyi inayamba ku Bogotá, ku Colombia, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Chida chake ndi chitenje chomwecho. Mwana wotere asapite kumbuyo mpaka ife a kuchipatala titavomereza, ngakhale apongozi atanena kuti mukumulera mwachilendo.

Za liwombo ndibwerezenso, chifukwa ndaona ana ambiri akubwera mitu itamatidwa. Liwombo likalowa m'kati, thupi la mwana latha madzi. Phula kapena mizu pamutu sizibwezera madzi amenewo, mphini nazo zimangotsegulira matenda njira. Mwana wosafika miyezi iwiri akakana bere, akatentha thupi kapena kuzizira kwambiri, akamapuma maulendo 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, nthiti zikamalowa m'kati, akakomoka kapena kungofooka, musapite kugolosale kukagula Panado, musadikire bambo abwere kunyanja. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mwana ali kutsogolo, mukumuona. Mukafika musakhale pamzere. Mmasuleni pakhomo pomwepo, mundiitane.